Chipatala cha pa chilumba: mbiri ya Riverside, kumene mzinda wa New York unayesa kuchiza achinyamata okodwa ndi heroin

M'chaka cha 1952, akuluakulu a mzinda wa New York ku America anatsegula chipatala chosamalira anyamata ndi atsikana osakwana zaka 21 amene anali atakodwa m'chizolowezi chogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo otchedwa heroin, ndipo anachiika pa chilumba chaching'ono chotchedwa North Brother, m'madzi a East River, pakati pa dera la Bronx ndi chilumba cha Rikers. Chipatalachi, chomwe dzina lake linali Riverside Hospital, chinagwira ntchito imeneyi zaka 11 zokha, n'kutsekedwa mu 1963. Olemba mbiri amachitchula kawirikawiri ngati malo oyamba m'dzikolo amene anakonzedwa kuti wachinyamata wogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo alandire chithandizo cha madokotala, uphungu ndiponso maphunziro a kusukulu pamalo amodzi. Chinayamba ndi cholinga chabwino, chinapatsidwa ndalama ndi akatswiri, koma odwala ake pafupifupi onse anayambiranso mankhwala atabwerera kwawo, ndipo zifukwa zake n'zofunika kuti aliyense woganiza zothandiza achinyamata otere azimvetse.

Chilumba cha North Brother ndi cha mahekitala pafupifupi 8, ndipo kuyambira kale ntchito yake inali yopatula odwala kwa anthu ena. Chipatala cha Riverside chinasamutsidwirako mu 1885 kuchokera ku chilumba cha Blackwell's, chomwe lero chimatchedwa Roosevelt, kuti chizisunga odwala nthomba, ndipo pambuyo pake chinkalandiranso odwala chifuwa chachikulu, taifodi ndi matenda ena opatsirana. Mary Mallon, mayi wophika amene ankafalitsa taifodi iye osadwala, anasungidwa kumeneko zaka zoposa 20 mpaka pamene anamwalira mu 1938. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, nyumba za pachilumbachi zinakhala malo ogona a asilikali obwerera kunkhondo amene ankaphunzira m'makoleji a mumzindawo, pamodzi ndi mabanja awo. Pamene vuto la heroin linabuka pakati pa achinyamata, nyumbazo zinali zopanda ntchito, ndipo maganizo amene anamangira chipatala cha nthomba anali akadali m'mitu ya anthu. Ambiri ankaona kugwiritsa ntchito mankhwala ngati mliri umene mnyamata mmodzi amapatsira mnzake, choncho kunkaoneka kwanzeru kumuwolotsa madzi, kumusunga payekha mpaka atachira, kenako n'kumubweza kwa makolo ake.

Kuti timvetse chifukwa chake chipatalachi chinali chinthu chachilendo, tiyenera kuona mmene malamulo a dzikolo analili. Lamulo la Harrison la mu 1914 linaika opiamu, mofini ndi heroin m'manja mwa boma, ndipo mu 1919 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti dokotala wolembera munthu mankhwalawa n'cholinga chongomuthandiza kupitiriza chizolowezi chake sakuchita ntchito ya udokotala. Madokotala ambiri anamangidwa, otsalawo anachita mantha, ndipo odwala otere anasowa kopita. M'chaka chomwecho cha 1919 mzinda wa New York unatsegula kiliniki pa msewu wa Worth, imene inkatumiza odwala ake ena ku Riverside komweko kuti akasiye mankhwala, koma inatsekedwa mu 1920, ambiri mwa odwalawo atayambiranso. Boma la dziko lonse linatsegula chipatala chachikulu ku Lexington m'chigawo cha Kentucky mu 1935 ndi china ku Fort Worth m'chigawo cha Texas mu 1938, koma zonse ziwiri zinali theka chipatala theka ndende, zinali kutali kwambiri ndi New York, ndipo zinali zodzaza ndi akuluakulu amene anali atatha zaka zambiri m'moyo umenewu. Mnyamata wa zaka 16 wogwidwa ndi heroin ku Harlem kapena ku Bronx analibe malo oyenera msinkhu wake.

Nthawi ya nkhondo heroin inkasowa chifukwa njira zozembetsera katundu panyanja zinatsekeka. Nkhondo itatha malondawo anayambiranso, opiamu wolimidwa ku Turkey akusandutsidwa heroin cha ku Marseille m'dziko la France n'kumafika padoko la New York, ndipo pofika mu 1950 ndi 1951 zipatala, makhoti ndi masukulu a mumzindawo anayamba kuona ana a sukulu odzibaya jakisoni. Nyumba ya malamulo ya dzikolo inayankha ndi chilango. Lamulo la Boggs la mu 1951 linaika zaka za kundende zimene woweruza sankaloledwa kuchepetsa, ndipo lamulo lina la mu 1956 linafika polola chilango cha imfa kwa munthu wamkulu wogulitsa heroin kwa mwana wosakwana zaka 18. Pa nthawi yoteroyo, kunena kuti wachinyamata wogwiritsa ntchito heroin ndi wodwala woyenera dokotala ndi mphunzitsi kunali kulimba mtima, ndipo amene anakhazikitsa Riverside ayenera kuyamikiridwa pa mfundo imeneyi, ngakhale kuti zotsatira za ntchito yawo zinali zokhumudwitsa.

Odwala ankafika pachilumbachi pa boti kuchokera ku Port Morris m'dera la Bronx, ena atatumizidwa ndi khoti, ena atabweretsedwa ndi makolo awo. Chipatalachi chinali ndi mabedi pafupifupi 140, ndipo chinkagwiritsa ntchito nyumba yaikulu imene inamalizidwa mu 1943 n'cholinga chosungiramo odwala chifuwa chachikulu. Masiku oyamba wodwala ankakhala m'chipinda chotsekedwa kufikira heroin itatha m'thupi mwake, kenako ankalowa m'dongosolo la tsiku ndi tsiku la kusukulu, ntchito zamanja, masewera ndi kukumana ndi aphungu. Panali madokotala a matenda a maganizo, anamwino, aphunzitsi ndi alangizi a zachisamaliro cha anthu, ndipo ogwira ntchito anali ochuluka kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha odwala. Tikaona zimene zinalembedwa pa pepala, palibe chimene chinkasowa.

Vuto linali pa kamvedwe ka matendawo. Heroin ili m'gulu la mankhwala ochokera ku opiamu, ndipo ikalowa m'thupi imakagwira mbali za ubongo zimene mwachibadwa zimachepetsa ululu ndi kubweretsa mpumulo. Munthu akamaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ubongo umasintha kagwiridwe kake ka ntchito kuti ulimbane nayo, choncho mlingo umene unkamukwanira poyamba umasiya kumukwanira ndipo amayamba kuwonjezera. Akaisiya mwadzidzidzi, thupi limene linazolowera kukhala nayo limasokonezeka: pakangopita maola 6 mpaka 12 amayamba kutuluka thukuta, misozi ndi mamina, kenako kumabwera kuphwanya kwa thupi lonse, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kusowa tulo. Ululu umenewu umafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo pakatha pafupifupi sabata imodzi umakhala utachepa. Chifukwa chakuti gawo limeneli ndi loonekera kwa aliyense, anthu ambiri, kuphatikizapo makolo ndi madokotala ena a nthawi imeneyo, ankaganiza kuti ndilo matendawo, ndi kuti mwana amene wadutsamo n'kuyamba kudya bwino ndi kunenepa ndiye kuti wachira.

Koma chibaba sichitha ndi sabata imodzi. Kwa miyezi yambiri munthu amakhalabe wosagona bwino, wosachedwa kupsa mtima ndiponso wosasangalala ndi zinthu zimene kale zinkamusangalatsa, ndipo ubongo wake umakhala utaphunzira kulumikiza mankhwalawo ndi malo, anthu ndi nthawi zimene ankawagwiritsira ntchito. Abraham Wikler, dokotala amene ankachita kafukufuku ku Lexington, anafotokoza kuti amuna amene anali atakhala miyezi yambiri osalawa mankhwala ankayamba kuyasamula, kutuluka thukuta ndi kumva mseru akangofika m'dera lawo lakale, ngati kuti asiya mankhwalawo dzulo lake. Pachilumba panalibe ngodya ya msewu imene mnyamata ankagulirapo heroin, panalibe masitepe a nyumba imene ankadzibayiramo, panalibenso mnzake amene anamuphunzitsa. Zonsezi zinkamudikira kutsidya, ndipo chipatala chinalibe mphamvu pa chilichonse mwa zimenezi. Ntchito ya Riverside inali ngati kukapa madzi m'bwato lobooka osatseka pobookapo.

Chimene chimasiyanitsa Riverside ndi malo ena ambiri a nthawi imeneyo n'chakuti zotsatira zake zinawerengedwa ndi anthu akunja. Gulu la akatswiri a zaumoyo a pa yunivesite ya Columbia, motsogozedwa ndi Dr. Ray Trussell, linatsatira achinyamata 247 amene anagonekedwa pachipatalachi mu 1955 kuti lione mmene moyo wawo unalili patapita zaka zingapo. Linapeza kuti 11 anali atamwalira, ndipo ochuluka kwambiri mwa otsalawo anali atamangidwanso, atagonekedwanso m'chipatala, kapena zonse ziwiri. Amene anapezeka ali moyo, osagwiritsa ntchito mankhwala, osamangidwanso ndiponso osabwerera kuchipatala anali 8 okha, ndipo atafunsidwa, onsewo ananena kuti sanakodwepo ndi heroin n'kale lonse, anangogwidwa nayo m'manja n'kutumizidwa kuchilumbako. Kunena kwina, mwa achinyamata amene analidi ndi matendawa, kafukufukuyu sanapeze ndi mmodzi yemwe amene chipatalachi chikanamuloza kuti chinamuchiza.

Ziwerengerozi ziyenera kuwerengedwa mosamala. Muyeso umene unagwiritsidwa ntchito unali wokhwima, chifukwa munthu amene wayambiranso kamodzi n'kubwerera yekha kukafuna thandizo ankawerengedwa pamodzi ndi amene sanayesepo n'komwe kusiya, pamene masiku ano madokotala amaona kubwerera kuchipatala koteroko ngati mbali ya ulendo wochira. Dr. George Vaillant, amene anatsatira anthu 100 a ku New York ogonekedwa ku Lexington kwa zaka 12 kenako mpaka 20, anapeza kuti ngakhale pafupifupi onse anayambiranso atangotuluka, ochuluka ndithu anadzasiya m'kupita kwa zaka, ndipo chimene chinkathandiza kwambiri sichinali nthawi imene anakhala m'chipatala koma kukhala ndi ntchito yokhazikika ndi munthu wowayang'anira mosalekeza m'dera lawo lomwe. Komabe imfa 11 pakati pa anthu a msinkhu umenewu, m'zaka zochepa chotere, si nkhani yoti tiichepetse. Munthu akakhala miyezi ingapo osagwiritsa ntchito heroin, thupi lake limataya mphamvu yopirira mlingo waukulu, ndipo akadzibaya mlingo umene anauzolowera kale, kupuma kwake kumatha kuima. N'chifukwa chake masabata oyamba munthu atatuluka m'ndende kapena m'chipatala chotere ndi nthawi yoopsa kuposa ina iliyonse, ndipo malo amene amangochotsa mankhwala m'thupi n'kumutulutsa munthu popanda chithandizo chopitirira angathe kumuika pangozi yaikulu kuposa imene anabwera nayo.

Pa zaka zomwezo, katswiri wa maganizo a anthu Isidor Chein ndi anzake a pa yunivesite ya New York ankafufuza kumene achinyamata ogwiritsa ntchito heroin ankachokera. Anapeza kuti vutoli silinafalikire mofanana mumzinda wonse, koma linaunjikana m'madera ochepa osaukitsitsa, a nyumba zothithikana, kumene ana ambiri ankasiyira sukulu panjira ndipo ntchito zinali zosowa. Anapezanso kuti ambiri analawa heroin koyamba atapatsidwa ndi mnzawo wa msinkhu wawo, osati ndi munthu wamkulu wachilendo wowanyengerera monga mmene manyuzipepala ankanenera. Umboni wina wamphamvu unadza patapita zaka, pamene wofufuza wina, Lee Robins, anatsatira asilikali a ku America obwerera kuchokera ku nkhondo ya ku Vietnam. Pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse ananena kuti anakodwa ndi heroin ali kumeneko, koma mwa amenewa, pafupifupi 5 okha mwa 100 alionse ndi amene anakodwanso m'chaka choyamba atafika kwawo. Asilikaliwa anachoka kumalo kumene anazolowerera mankhwala n'kupita ku moyo wina. Odwala a ku Riverside ankayenda ulendo wosiyana ndi umenewu, chifukwa ankachoka pamalo opanda mankhwala n'kubwezedwa pakhomo lomwe vutolo linayambira.

Kukhala pa chilumba kunabweretsanso mavuto akeake. Mayi wogwira ntchito tsiku lonse sakanatha kukwera boti kawirikawiri kukaona mwana wake, choncho banja, lomwe likanayenera kuphunzira mmene lingamulandirire, linatsala kunja kwa chithandizo. Odwala ambiri ankadziona ngati akaidi, ndipo uphungu umene munthu akuulandira mokakamizidwa, iye akungowerenga masiku oti atuluke, suchita zambiri. Panamvekanso malipoti a katangale pakati pa ogwira ntchito ena, zomwe sizivuta kuchitika pamalo obisika amene anthu akunja safikapo. Mu 1962 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Robinson ndi boma la California, linagamula kuti kungokhala munthu wokodwa ndi mankhwala si mlandu woti munthu alangidwire, ndipo chaka chotsatira Dr. Trussell, amene tsopano anali mkulu woyang'anira zipatala zonse za mzinda wa New York, anatseka Riverside. Chilumbacho sichinakhalidwenso ndi anthu, ndipo lero chili m'manja mwa nthambi yoona za mapaki mumzindawo monga malo otetezera mbalame.

Kutsekedwa kwa chipatalachi kunasiya funso la chimene chingalowe m'malo mwake, ndipo mayankho awiri amene anatchuka onse anapangidwira akuluakulu. Loyamba linali la Dr. Vincent Dole ndi Dr. Marie Nyswander a pa Rockefeller Institute, amene kuyambira mu 1964 anasonyeza kuti methadone, mankhwala ogwira ntchito m'thupi ngati opiamu, akamamwedwa kamodzi patsiku pa mlingo woyenera, amathetsa chibaba ndipo munthu amatha kugwira ntchito ndi kusamalira banja lake. Dr. Trussell yemweyo ndi amene anawathandiza kupeza malo okulitsira ntchitoyi mumzindawo. Lachiwiri linali la nyumba zimene anthu osiya mankhwala ankakhala pamodzi kwa chaka kapena kuposerapo, akudzudzulana ndi kuphunzitsana mwambo, njira imene inayambira ku bungwe la Synanon m'chigawo cha California mu 1958 n'kutengedwa ndi mabungwe a Daytop mu 1963 ndi Phoenix House mu 1967. Njira yachiwiriyi itagwiritsidwa ntchito pa ana popanda woyang'anira wakunja, nthawi zina inabala nkhanza zenizeni. Lipoti la komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate, yotsogozedwa ndi Sam Ervin, mu 1974 linayerekeza njira za bungwe la The Seed ku Florida ndi zosokoneza maganizo a akaidi a kunkhondo, ndipo bungwe la Straight, limene linayamba mu 1976 potengera njira zomwezo, linatsekedwa mu 1993 litazengedwa milandu yosunga anthu mokakamiza ndi kuwazunza. Apa kupatula mwana kwa makolo ndi kwa anthu onse akunja kunafika poipa kuposa ku Riverside, kumene kunali madokotala ndi aphunzitsi ovomerezeka ndi boma.

Zinatenga zaka zambiri kuti akatswiri avomereze mokwanira kuti wachinyamata si munthu wamkulu wochepa thupi. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa, imapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25, pamene mbali zofuna chisangalalo ndi kuyanjidwa ndi anzake zimakhala zitadzuka kale. Wachinyamata sasankha yekha kumene akhale, sukulu imene apite, kapena anthu amene agone nawo nyumba imodzi, ndipo nthawi zambiri mankhwala amabwera pamodzi ndi vuto lina, monga matenda ovutika maganizo, nkhanza zimene anachitiridwa ali mwana, kapena kulephera m'kalasi. Katswiri wa maganizo a anthu Thomas Dishion ndi anzake anachenjezanso mu 1999 kuti kusonkhanitsa pamodzi achinyamata a makhalidwe ovuta popanda utsogoleri wolimba kungachititse kuti aziphunzitsana zomwe akuyenera kusiya. N'zosavuta kuona mmene zimenezi zikanachitikira pachilumba pamene mnyamata amene anangogwidwa ndi heroin m'thumba ankagona chipinda chimodzi ndi amene anali ataigwiritsa ntchito zaka zingapo.

Njira zimene zaonetsa zotsatira zabwino m'kafukufuku wa zaka zapitazi zimagwira ntchito kumene mwanayo amakhala. Mu njira imene Scott Henggeler anayambitsa, phungu amapita yekha kunyumba kwa wachinyamatayo, amakhala ndi mabanja ochepa oti aziwathandiza, amapezeka usana ndi usiku, ndipo amagwira ntchito ndi makolo, aphunzitsi ndi akuluakulu a khoti kuti asinthe zinthu zimene zimamukankhira mwanayo ku mankhwala. Njira ya Howard Liddle nayonso imaika banja pakati pa chithandizo, phungu akukumana ndi mwana payekha, makolo paokha, kenako onse pamodzi. Izi sizikutanthauza kuti kugoneka wachinyamata pamalo apadera kulibe ntchito. Pali ana amene kwawo kuli nkhanza, amene akufuna kudzipha, kapena amene alephera kangapo kusiya ali kunyumba, ndipo kwa iwowa malo otetezeka ndi ofunika. Koma kugonekedwako kumakhala chiyambi chabe, ndipo ubwino wa malowo umaonekera pa zimene akonzera mwanayo tsiku limene akutuluka: sukulu imene akalowe, phungu amene akamuyendere sabata yomweyo, ndi zimene makolo ake aphunzitsidwa.

Pa heroin ndi mankhwala ena a m'gulu lake, kusintha kwakukulu kunabwera ndi buprenorphine, mankhwala ochepetsa chibaba, amene anavomerezedwa ku America mu 2002 kwa anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo. Kafukufuku wa Dr. George Woody ndi anzake, wofalitsidwa mu 2008, anayerekeza achinyamata 152 a zaka 15 mpaka 21: ena anapatsidwa mankhwalawa kwa masabata 12, ena kwa masiku 14 okha ongowathandiza kudutsa ululu wa kusiya. Amene analandira kwa nthawi yaitali ankagwiritsa ntchito heroin ndi mankhwala ofanana nayo mocheperako ndipo ankapitiriza kubwera kuchipatala, koma mankhwalawo atasiyidwa ambiri a magulu onse awiri anayambiranso, zomwe zinasonyeza kuti ngakhale masabata 12 ndi ochepa. Mu 2016 bungwe la madokotala a ana m'dzikolo, American Academy of Pediatrics, linalangiza mamembala ake kuti azipereka chithandizo cha mankhwalawa kwa achinyamata kapena kuwatumiza kwa amene angawapatse, ndipo naloxone, amene amadzutsa munthu wosiya kupuma chifukwa cha mlingo wopitirira, tsopano amaperekedwa kwa makolo ndi anzake a wodwala.

Ngakhale zili choncho, maganizo akuti mwana wachira akangokhala masabata angapo pamalo otsekedwa sanathe. Masiku ano msika wa mankhwala ku America wadzaza ndi fentanyl, amene mphamvu yake imaposa ya heroin maulendo ambirimbiri, kotero kuti kuyambiranso kamodzi kokha munthu atatuluka kungathe kumupha. Koma kafukufuku wofalitsidwa mu 2023 m'magazini ya madokotala ya JAMA, amene anafunsa malo 160 ogoneka achinyamata ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo m'dziko lonselo, anapeza kuti malo 39 okha, pafupifupi amodzi mwa anayi alionse, ndi amene ankapereka buprenorphine. M'malo otsalawo, wachinyamata wokodwa ndi heroin kapena fentanyl angathe kusungidwa mpaka thupi lake litataya mphamvu yopirira mankhwalawo, kenako n'kutulutsidwa opanda chomuteteza ku chibaba chimene chikamupeze akafika kwawo.